Kachitsulo Komwe Tinkataya ku Biwi

Kuti mbiri isadzapotozedwe ine nditapita, ndinene poyambirira kuti ku koleji sanandithamangitse. Ine ndi kolejiyo tinasiyana mwamtendere, mbali zonse ziwiri zitagwirizana, kungoti pa kalata yosiyanirana anasainapo ndi iwo okha. Ndinkaphunzira zokonza magalimoto. Ndinakhalako chaka ndi theka, ndipo nthawi yonseyo ine ndi masamu tinkangopatsana moni wa patali, ngati mkamwini ndi apongozi ake aakazi.

Ntchito yeniyeni ndinakaiphunzirira ku Biwi, ku Lilongwe, pa galaja ya mdala wina wa ovolosi yong'ambika pa bondo. Galajayo inali mtengo wa kesha, majeke awiri ndi bokosi la masipanala. Mdalayo anali ndi lamulo limodzi losasintha. Galimoto iliyonse yochokera ku Japan ikafika, kaya yabwerera mabuleki kaya hutala, iye ankamasula mabauti awiri pomwe paipi ya rediyeta imalowera mu injini, n'kutulutsamo kachitsulo kozungulira, kokhala ndi sipuling'i, kukula kwake ngati chivindikiro cha botolo la mafuta odzola. Dzina lake ndi themositati. Ankakakweza m'mwamba kuti mwini galimoto akaone bwino, n'kumuuza kuti aka n'ka kwawo kozizira, kuno kangokuwotcherani injini. Akatero ankakaponya m'chitini cha penti chomwe chinkakhala patsinde pa mtengo. Nanenso ndinaponyamo tambirimbiri. Hita ikayamba kudontha sitinkadzivuta n'kumasula dashibodi yonse. Tinkangozula mapaipi ake awiri n'kuwalumikiza okhaokha ndi kapaipi kopinda, madzi azizungulira kunja osalowa m'kati. Nanga wopita ku Salima hita achita nayo chiyani? Mu rediyeta tinkathiramo madzi a pa mpopi, ndipo palibe anadandaulapo.

Tsiku lina ndinayesa kuonetsa chaka ndi theka changa chija. Ndinati buku limanena kuti kachitsuloko kamatsekera madzi kuti injini itenthe msanga, n'kudzatsegula ikatentha. Mdalayo anandifunsa ngati bukulo linakwerapo chitunda cha Khwekhwerere mu Okutobala litasenza matumba a chimanga. Ndinaponya kachitsuloko m'chitini.

Zaka zinapita, ndipo ndinapezeka ndili ku Dubai nditavala yunifolomu ya ulonda, ndikutsegula ndi kutseka geti la antchito pa hotela ina. Tinkagona anthu anayi m'chipinda cha kampani kufupi ndi International City, komwe basi imabwera ikafuna yokha. Zoti ndinagwirapo sipanala sindinkauza munthu. Zinaululika zokha tsiku lina basi ya kampani itakana kulira pomwe timafuna kunyamuka, ine n'kutsika n'kumanga waya wa batire amene anali atakhwefuka. Ntchito ya mphindi ziwiri, koma basi yonse inaona, ndipo kuchokera tsiku limenelo ndinasanduka injiniya. Sindinatsutse. Munthu akakupatsa mpando, ulemu wake ndi kukhala.

Mwa anthu amene anaonawo munali mnzanga wina wa ku Kyrgyzstan, wosunga katundu wa hotela, amene ankagona m'chipinda cha pansi pa chathu. Wamfupi, wa mapewa otambalala, wosalankhula zambiri. Tinkadyera tebulo limodzi ku kantini chifukwa tonse timadya mwakachetechete. Chingerezi chake ndi changa chinali cha msinkhu umodzi, ndiye tinkamvana bwino, pomwe chatithera timawu ta Chiarabu ngati habibi ndi yalla tikutikankha.

Kumayambiriro kwa Julaye anandiuza nkhani yake. Mkazi wake anali woyembekezera, ndipo nthawi yake inali ya mu Januwale, pakati penipeni pa nyengo yozizira. Mudzi wawo uli m'mwamba m'mapiri, chipatala chili kumunsi, ulendo wa maola awiri pa msewu wokhotakhota womwe sinowo, chipale choyera chija chogwa kozizira, amaukwirira. Galimoto yakale ya bambo ake inali itafa imfa yomaliza. Iye tchuthi anali atadya kale mu Epulo, ndipo zotsatira zake ndi zomwe timakambiranazo, choncho mu Januwale sakanapezekako. Ndiye anaganiza zogula galimoto yogwirapo kale ntchito, yaitali, yokoka ndi matayala onse anayi, n'kuitumiza kwawo kuti tsiku likadzafika bambo akewo adzatsitsire mkaziyo ku chipatala. Anali atapeza malo m'kontena yonyamuka kumapeto kwa mweziwo. Mphamvu zake zinali za galimoto imodzi yokha. Ikakhala yolakwika, yachiwiri panalibe, ndipo mkaziyo akanadzachirira pa msewu kapena osatsika n'komwe.

Anati ndikamusankhire.

Ndinamuuza mwaulemu kuti sinowo ndinamuonapo kamodzi kokha, kudzera pagalasi, m'chinyumba cha masitolo momwe anthu amalipira kuti azizidwe. Ndinati kuzizira kwakukulu komwe thupi langa likukudziwa ndi Juni wa ku Dedza. Iye anati sinowo amamudziwa iyeyo kuyambira ali kumsana, chomwe sadziwa ndi injini, ndiye tingophatikiza.

Ndinamupempha kuti andifotokozere m'mawa wa kwawo mu Januwale, asasiye kanthu. Anati madzi a m'ndowa amasanduka mwala. Botolo loiwalika panja limang'ambika lokha. Ukalowa m'galimoto, mpweya wa m'kamwa mwako umakaumira pagalasi cham'kati, ndipo hita ikapanda kupumira kutentha pagalasipo, msewu umauona kudzera pa kabowo kokanda ndi chikhadabo, pambali pali phompho. Akulankhula choncho, ine ndinamva kachitsulo kakugwera m'chitini cha penti. Ndinaika supuni pansi. Sinowo sindinkamudziwa, inde, koma chilichonse chomwe galimoto imafunika kukhala nacho kumalo kozizira ndinkachidziwa ndi dzina lomwe, chifukwa ndinatha zaka zinayi ndikuchichotsa. Ndipo ndinkadziwanso kuti amakaniko a m'mayiko otentha ndi ana a bambo mmodzi. Zomwe tinkachita pansi pa kesha ku Biwi, wina wake akuzichitanso pansi pa malata ku Sharjah, mzinda woyandikana ndi Dubai.

Pa ofu yathu yoyamba tinakwera mabasi awiri kupita ku msika wa magalimoto ku Sharjah komweko. Amene sanafikeko aganize za mabwalo a mpira ambirimbiri atawalumikiza, onse odzaza ndi magalimoto otsukidwa, akunyezimira ngati akwati. Julaye wa kuno ali ngati kuima pakhomo pa uvuni ya njerwa. M'chikwama ndinatenga masipanala awiri, tochi ndi nsanza.

Mnzangayo anagwa m'chikondi theka la ola lisanakwane. Inali yoyera, yaitali, ya mipando yachikopa. Wogulitsa, bambo wa ndevu zosamalidwa bwino, anatilowetsa m'kati n'kuyatsa eyakoni. Ku Dubai galimoto imayesedwa choncho. Wogula amaika dzanja potulukira mpweya, amatseka maso, ndipo kukazizira, wagula. Mnzangayo anatseka maso. Ine ndinadikira kuti mapemphero athe, kenako ndinapempha kuti tiyatse hita.

Wogulitsayo anaganiza kuti Chingerezi chandipulumuka, ndiye anawonjezera eyakoni. Ndinati ayi, hita, yotentha. Anayang'ana kunja komwe phula linkachita kunyezimira ndi dzuwa, n'kundiyang'ananso ine.

"Habibi, ukafuna kutentha tsegula chitseko. N'kwaulere."

Ndinapotoza ndekha kabatani mpaka kofiira. Tinadikira. Munkangotuluka kamphepo kofunda, kopanda cholinga. Ndinatsika, n'kutsegula boneti, n'kuunika kumbuyo kwa injini. Mapaipi awiri a hita anali olumikizidwa okhaokha ndi kapaipi kopinda, zomangira zake zatsopano, zoyang'ana mbali imodzi. Ndinene chilungamo, inali ntchito yokongola. Ndinaima kaye mwaulemu ngati munthu amene wakumana ndi wakwawo kudziko lakutali. Kenako ndinaitana mnzangayo kuti adzaone.

Sanamvetse msanga. Kwawo galimoto yopanda hita ili ngati nyumba yopanda denga, ndipo sizinamubwererepo m'mutu kuti munthu wanzeru zake angaidule dala. Wogulitsanso sanamvetse vuto lake, chifukwa pa zaka zake zonse za malonda panalibe amene anamufunsapo za hita. Pa atatufe, amene ankadziwa mbali zonse ziwiri ndinali ine ndekha, ndipo ndinazimva pachifuwa ngati andipachika mendulo.

Kuyambira pamenepo ntchito yathu inali yoyatsa mahita. Tinkatseka mawindo, kuzimitsa eyakoni, kukweza hita mpaka pomaliza, kulozetsa mpweya pagalasi, n'kukhala phee. Ikakhala yabwino, pakatha mphindi zitatu malaya ankamatirira pamsana, thukuta likulowa m'maso, ine n'kumagwedeza mutu mokhutira. Ogulitsa anayamba kuitanana kudzationera. Wina anatijambula pa foni. Wina anatibweretsera madzi n'kufunsa mwachifundo ngati pali tchimo lomwe tikulapa. Pomwe tinkabwerera pa ofu yachiwiri tinali titatchuka. Tikangolowa pageti, uthenga unkathamanga patsogolo pathu kuti amisala a hita aja abweranso.

Magalimoto ena anagwa pa milandu ina. Ina inali yaitali, ya nkhope yoopsa, koma nditagona kunsi kwake ndinapeza kuti kutsogolo kulibe chokokera matayala. Anali kambuku wojambula pa chitenje. Ina giya yake ya matayala anayi inali isanalowetsedwepo chibadwire, mpaka inauma. Ina inali ndi mchenga wa m'chipululu m'malo omwe sindingawatchule. Ya dizilo anaikana yekha mnzangayo, akuti kwawo dizilo amaundana ngati phala logona.

Pa ofu yachiwiriyo, kumapeto kwenikweni kwa msika, pafupi ndi mpanda, tinapeza ina ya mtundu wa fumbi. Chitseko chakumbuyo chinali chopindika, m'kati mukununkha ngati munkakhala munthu wokonda nsomba ndi lubani pa nthawi imodzi. Eyakoni yake inali yofooka, n'chifukwa chake inali itaiwalika kumpandako. Koma hita yake, abale, inatitulutsa mphindi ziwiri zisanathe. Giya ya matayala anayi inalowa ndi kaphokoso kaulemu, ndipo pa bwalo la mchenga kuseri kwa msika inakwera kamtunda ngati ikupita kukatunga madzi. Kunsi kunali kouma, kopanda dzimbiri. Ndinatuluka kunsiko n'kunena kuti ndi imeneyi.

Mnzangayo anaiyang'ana ngati ndamuonetsa mkwatibwi wopanda mano. Ndinamumvetsa. Zaka zitatu ku Dubai, kenako n'kutumiza kumudzi galimoto yopindika chitseko? Ifenso kwathu timadziwa mmene anthu amayang'anira katundu wotsika kuchokera kunja. Anandikokera kubwerera kwa yoyera ija. Wogulitsa anali atakonza kale mtima wake. Anati hitayo ailumikiza mwaulere, ntchito ya mphindi khumi. Ndinafotokoza kuti amene anaidula sanaidulire masewera, inkadontha, ndipo akailumikiza idzathira madzi otentha pamapazi a bambo ake ndi nthunzi pagalasi. Mawu anga analowa khutu ili n'kutulukira linalo.

Tsikulo ndinali nditabwera ndi zida zatsopano, jakisoni wopanda singano wogula ku famase ndi timabotolo tiwiri topanda kanthu. Awiriwo akukambirana, ndinakoka madzi a m'kathanki ka rediyeta ya yoyerayo mpaka kabotolo kudzaza. Anali apinki, okongola ngati sobo wa pa ukwati. A yafumbi ija ndinali nditatunga kale, obiriwira mothimbirira.

Podikira basi, m'kanyumba kagalasi ka pa siteji, anandiuza kuti mawa lake akaweruka apita yekha kukatenga yoyerayo. Kontena inali itatsala ndi sabata imodzi. Ndinayamba kubwereza za mapaipi, koma anandidula.

"Iwe sinowo sunamugwirepo. Sukulunso akuti sunamalize."

Ndinadziwiratu amene anamuuza. M'chipinda mwathu tinali ndi wakwathu wina wa ku Balaka, wa ntchito yokolopa, amene chinsinsi chimamuyabwa ngati chitedze.

"Zonsezo n'zoona," ndinatero. "Koma mkazi wako sadzakwera penti."

Tinakwera mabasi onse awiri osalankhulana. Sizinali zachilendo kwenikweni, popeza timadya choncho, koma chete wa tsikulo anali wolemera.

Titafika ndinalemba POIZONI pa timabotolo tonse tiwiri n'kutiika m'kachipinda ka m'mwamba ka filiji, momwe timaumitsira nkhuku. Wa ku Balaka uja anatipeza pofuna kutenga ndiwo zake.

"Aise, izi ndi za ufiti kapena za koleji ija?"

Ndinamuuza kuti ndi kafukufuku, ndipo asagwire. Anati ngati nkhuku yake imveka kukoma kwachilendo, mlanduwo ukafika kwa makolo anga.

M'mawa mwake ndinatsegula filiji ndi mtima wa munthu wokaona zotsatira za mayeso, mtima womwe ndimaudziwa bwino. Obiriwira aja ankagwedezeka m'botolo ngati palibe chachitika. Apinki aja anali gwa, mwala weniweni, kabotolo katatupa mimba. Anali madzi wamba othira mtundu. Ndinatsika masitepe nditatigwira m'manja, n'kugogoda pa chitseko chake. Anatsegula ali ndi mswachi m'kamwa. Ndinamupatsa kapinkiko.

Anakatembenuza, anakagogoda pa khoma. Apa sanafunikire injiniya. Botolo lotupa choncho analidziwa kuyambira ali mwana, ndipo ankadziwa zomwe madzi otero amachita m'mimba mwa injini yogona panja. Anachotsa mswachi uja.

"Bambo anga akanaona mtunduwu sakanasintha madziwa," anatero. "Ikanang'ambikira pakhomo, isanapite kulikonse. Khalas, zatha basi. Tikatenge yonyansa ija."

Ndinafuna kunena kuti madzi okha amasinthika, kuti mlandu waukulu wa yoyerayo unali hita. Koma munthu akavomera, sumufunsa kuti wavomera pa ndime iti.

Tinaitenga yonyansayo n'kupita nayo pa kagalaja kena ka ku Sharjah komwe mwini wake anatibwereka mthunzi. Panali chinthu chimodzi chomwe chinkandidyabe. Nditailiza koyamba kumsika, paipi ya pamwamba ya rediyeta inayamba kufunda nthawi yomweyo, pang'onopang'ono, ndipo dzanja langa linkadziwa tanthauzo lake. Injini itazizira ndinamasula mabauti awiri aja. M'kati munali mopanda kanthu. Msuweni wa mdala wa ku Biwi anali atadutsamo kale. Kuno ku Dubai hitayo inkawotcha chifukwa dziko lonse ndi hita, koma kumapiri, potsetsereka, injini yopanda kachitsuloko sikanatentha, ndipo galasi likanaumira m'kati monga anandifotokozera.

Nditapita kukafuna kachitsulo katsopano, wa sitolo ya zipangizo anachita kukwera makwerero. Anatsika ndi kabokosi, n'kukauzira fumbi, n'kufunsa ngati galimotoyo ikupita kwa azungu. Ndinakatsegula. Kanali komweko, kozungulira, kasipuling'i kake kakunyezimira. Moyo wanga wonse ndinali ndikuchotsa timeneti, koma kuika ndinali ndisanaikepo. Ndinaima nako m'manja osadziwa kuti sipuling'iyo iloze kuti. Mdala sanandiphunzitse zimenezo, analibe chifukwa. Ndiye kuchokera kutali, kuseri kwa masamu onse omwe anandigonjetsa, kunabwera chithunzi cha m'buku lija, cha kumanja kwa tsamba, chokhala ndi kamuvi. Sipuling'i imaloza ku injini. Ndinakaika, n'kumanga mabauti, ndipo ndikanakhala ndi chipewa ndikanavula.

Tinakhetsa madzi akale onse n'kuthiramo atsopano oyenera kozizira, omwe ndinayamba ndawagoneka kaye pafupi ndi nkhuku ya wa ku Balaka. Tinaika batire latsopano. Kenako ndinamuuza mnzangayo kuti ailize, ine nditagwira paipi ya pamwamba ija. Inali phee. Kamuvi ka kutentha kanayamba kukwera, paipi ili phee. Kanafika pakati, paipi ikadali phee. Ndiye mwadzidzidzi kutentha kunathamanga kunsi kwa chikhatho changa ngati wina watsegula chitseko. Ndinagwirabe mpaka kupsa pang'ono. Buku lija linali lolondola, ndipo ndinali nditalikhululukira.

Ndinayambanso kumulangiza za matayala, kuti akagule kwawo ofewa aja okhala ndi timizere ting'onoting'ono, omwe magalimoto a ku Japan ankabwera nawo n'kudzathera pa phula la ku Salima. Anaseka koyamba pa masabata atatu. Anati matayala a sinowo ndi chinthu chimodzi chomwe bambo ake sangaphunzitsidwe ndi munthu wa Juni wa ku Dedza.

Kontena inatsekedwa. Kunyada mu Julaye n'kosavuta, chifukwa Januwale amakhala ali kutali. Galimotoyo inafika kwawo mu Okutobala. Anthu a m'mudzi anaseka chitseko chija monga tinkayembekezera, ndipo bambo ake akuti anangoizungulira kawiri basi. Ine ndinayamba kuona za nyengo ya mudzi wawo pa foni kuposa za ku Lilongwe. Ndikadutsa pa chipinda choumitsira nyama cha hotela ndinkaima pang'ono pakhomo, n'kumawerenga mumtima mabauti onse omwe ndinamanga, ngati ndinawalimbitsadi.

Tsikulo linafika m'mawa wina ndili pa geti. Ndinamuona akubwera kuchokera kosungira katundu, akuyenda mosiyana ndi masiku onse, foni ili m'manja. Anati mkazi wake matenda ayamba, anyamuka kale, ndipo sinowo wakhala akugwa masiku awiri. M'mapirimo mulibe netiweki. Palibe chomwe tikanamva mpaka atatsika.

Malamulo salola munthu wina kukhala m'kanyumba ka mlonda. Ndinamupatsa mpando wanga, ine n'kuimirira. Ndinkatsegulira malole a masamba ndi a zochapa, ndikusainitsa madalaivala, koma mutu wanga unali pa msewu womwe sindinauonepo. Ola loyamba linatha. Lachiwiri linatha. Iye ankangoyatsa foni n'kuizimitsa. Ndinayamba kukumbukira zinthu zomwe sindinaziyese, mawaipa, labala wa zitseko, kawaya kena komwe ndinakaona n'kukasiya. Ndinaganiza kuti mwina anthu amamaliza koleji pa chifukwa.

Ola lachitatu lili pakati, foni inalira. Inali vidiyo yomwe amayi a mnzangayo anajambula atakhala kutsogolo, ali m'mwamba m'mapirimo, koma inangotumizika atafika kumunsi. Tinaweramira pa kafoniko tonse awiri. Dziko lonse linali loyera, kumwamba ndi pansi zosasiyana, msewu ukudziwika ndi timitengo tozika m'mbali. Koma zonsezo tinkaziona bwinobwino, chifukwa galasi linali mbee kuchokera ngodya ino kufika ngodya iyo. Bambo ake, nkhalamba ya chipewa chachitali choyera, ankayendetsa ndi manja osavala kanthu, chikhothi atamasula mabatani. Kumbuyo kunkamveka mawu a mzimayi, okwiya ndithu, akubwereza chinthu chimodzi.

Ndinafunsa kuti akuti chiyani. Mnzangayo ankaseka, misozi ikutsika, ndipo zinamutengera nthawi kuti apeze Chingerezi.

"Akuti achepetse hita. Akuti akupsa."

Ndinawongola yunifolomu yanga. Ndinamuuza kuti awadziwitse akuchipatalako kuti kabatani kaja kamabwereranso kumbuyo, ndipo kuti dandaulo lawo lalandiridwa.

Mwanayo anabadwa masana omwewo, wamkazi, ali bwino iye ndi mayi ake. Mawa lake mnzangayo anagawa maswiti kantini yonse, ndipo wa ku Balaka anatenga kawiri, akuti kamodzi n'ka nkhuku yake yomwe inathandiza pa kafukufuku. Patapita masiku, bambo ake aja anatumiza uthenga pa foni, wautali, wa mawu okhuthala. Mnzangayo anamasulira kuti akufunsa kuti mmisiri wa ku Africa uja anaphunzira sukulu iti. Ndinati awauze kuti ziwiri, ina chaka ndi theka, ina zaka zinayi pansi pa mtengo, ndipo galimoto yawoyo inafunika zonse.

Vidiyo ija ndinaitumiza ku Biwi. Mdala anandiimbira Loweruka lake, kumbuyo kukumveka nyundo. Za sinowo sanafunse. Anafunsa kuti chitsekocho bwanji sindinachiwongole. Kenako ndinamuuza, mosamala, kuti kachitsulo kaja ndinakabwezera ndi manja anga, ndipo ndi komwe kanatsitsa mzimayiyo m'phiri. Ndinayembekezera mkangano.

"Nanga ine ndinkati chiyani, wakoleji iwe? Ndinkati n'ka kwawo kozizira."

Anati chitini chija chikadalipo, chadzaza mpaka pakamwa, ndipo ngati anthu a kumapiriwo ali ndi azimayi ena oyembekezera, ndiwauze.